Bwanji mutu umatopa miyendo isanatope? Za ife oyenda pansi ndi opalasa njinga mu Lilongwe

Nabanda wa ku Mchesi:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso limene lakhala likundizunguza, mwina ena mundithandiza. Ine ndimayenda pansi tsiku lililonse kuchoka ku Mchesi kupita ku Area 3 kumene ndimagwira ntchito yosoka. Ndimadzera cha ku depoti n'kuwoloka pa mlatho wa Lilongwe. Ulendo wake sukwana ola. Koma ndikafika ndimayamba ndakhala pansi mphindi 10 ndisanagwire makina, chifukwa mutu umakhala wolemera, mtima ukugunda ngati ndachoka pa mkangano, chonsecho sindinayankhule ndi munthu. Dzana ndinalephera kulowetsa ulusi pa singano katatu konse, manja akunjenjemera. Chondidabwitsa n'chakuti kwathu ku Mitundu ndimayenda maola awiri kupita kudimba ndi kubwerako, dengu lili pamutu, koma ndimafika mtima uli m'malo, mwina ndikuimba kumene. Miyendo ndi yomweyi. Ndiye chimatopetsa mutu m'tauni muno n'chiyani? Kapena zimachitikira ine ndekha?

Chisale wa ku 25:
Si inu nokha achemwali. Ine ndimapalasa njinga kuchoka ku Area 25 kupita ku Kanengo, chino ndi chaka chachisanu. Mtunda si nkhani, thupi linazolowera. Chimene ndikulephera kuzolowera ndi mathiraki, makamaka nyengo ya fodya. Ukamva injini ikubangula kumbuyo, mapewa amauma okha, manja n'kufinya mahandulo. Thiraki ikamakudutsa, mphepo yake imayamba yakukankhira kunja, kenako n'kukukokera ku matayala. Kumanzere kwako phula linadyeka, pali kaphompho kakuya ngati chikhatho, ukatsikirako molakwika wagwa basi. Ndiye umangoyenda pa kamzere kopyapyala ngati lamba, maso kutsogolo, makutu kumbuyo. Ndikafika ku ntchito, mnzanga akandifunsa kanthu kakang'ono ndimamuyankha mokalipa, pambuyo pake ndimadzimvera chisoni. Koma Lamlungu ndikapalasa kukaona amayi cha ku Lumbadzi podzera njira za m'midzi, kumene n'kutali kuposa ku ntchito, ndimafika ndikuseka ndi ana.

Mayi a Tadala:
Ine ndinkaganiza kuti ndi BP, mpaka ndinakayezetsa. Anati ili bwinobwino. Ndikutsatira nawo.

Aphiri a ku 47:
Zikomo a Nabanda pobweretsa nkhaniyi. Ine ntchito yanga ndi yolangiza anthu amene akuvutika m'maganizo, ndiye dandaulo ngati lanuli ndimalimva kawirikawiri, kungoti ambiri saganiza kuti msewu ukukhudzidwapo.

Mkati mwa ubongo muli tizigawo tiwiri ting'onoting'ono ngati njere za mtedza, kena kumanzere kena kumanja, dzina lake amygdala. Ine pofotokozera anthu ndimati mlonda. Ntchito yake ndi kuona choopsa msanga, inu musanaganize n'komwe. Wina akaliza hutala kumbuyo kwanu, mlondayu amaimba belu, thupi limatulutsa timadzi tolikonzekeretsa kuthawa kapena kulimbana totchedwa adrenaline, mtima umathamanga, minofu imakungika, kenako kumabwera timadzi tina ta nkhawa totchedwa cortisol. Zimenezi n'zabwino ndithu, ndi zimene zimakudumphitsani ngalande njinga yamoto ikangotulukira pa kona. Vuto ndi kuchuluka kwake. Panjira ya kudimba belulo mwina lilira kamodzi, mukaona njoka. Koma tawerengani pakati pa depoti ndi pa mlatho paja: minibasi ikubwerera m'mbuyo osayang'ana, woitanira wakugwirani mkono, wilibala ya kabichi ikubwera kutsogolo, apa pali dzenje lopanda chivundikiro, apo wina wayala salaula mpaka m'njira, chikwama nacho muchigwiritsitse. Belu sililekeza.

Chachiwiri ndi ichi. Akatswiri awiri a ku Michigan ku America, Rachel ndi Stephen Kaplan, anafotokoza m'zaka za m'ma 1980 kuti mphamvu yokhalira tcheru mochita kudzikakamiza imatha, ngati madzi a mu ndowa. Mukamatunga osathiramo ena, mupeza pansi. Kulowetsa ulusi pa singano kumafuna madzi omwewo amene mwawathera panjira. Kuugwira mtima mnzako akakufunsa zinthu, a Chisale, kumatunganso mu ndowa yomweyo. Pamene kudimba maso amangotengeka okha ndi mbalame, mitambo, madzi, popanda kudzikakamiza, ndiye ndowa imadzadza uku mukuyenda.

Mu 2011 ofufuza a ku Mannheim ku Germany anaika anthu m'makina ojambula ubongo, n'kuwapatsa masamu ovuta uku akuwafulumizitsa ndi kuwauza kuti akulephera. Amygdala ya okhala m'mizinda ikuluikulu inagwira ntchito kwambiri kuposa ya okhala m'matauni ang'onoang'ono, ndipo ya okhala kumidzi ndi imene inali yodekha pa onse.

Nabanda wa ku Mchesi:
Aphiri, mwandimasula. Ndimaopa kuti mwina ndikudwala chinachake chobisika. Ndiye mlondayu akadzuka chonchi, pali njira yomukhazika pansi? Chifukwa ku Mitundu sindingapite tsiku lililonse.

Aphiri a ku 47:
Ilipo mayi, ndipo siitenga nthawi yaitali. Mu 2022 ofufuza a ku Berlin anatenga anthu 63, n'kuwajambula ubongo. Kenako ena anawatumiza kukayenda ola limodzi m'nkhalango ya Grunewald, ena mu msewu wa mashopu ndi magalimoto. Atabwerako anawajambulanso. Oyenda m'nkhalango aja amygdala yawo inali itatsika ntchito. Oyenda m'tauni sinakwere, komanso sinatsike, inangokhala momwemo. Ola limodzi lokha.

Ku yunivesite ya Stanford ku America mu 2015 anachita zofanana ndi ulendo wa mphindi 90. Amene anayenda kumalo a udzu ndi mitengo anabwerako atachepa maganizo ozungulirazungulira pa zinthu zowawa, aja amakugwira usiku ngati chingwe, ndipo mbali ya ubongo yokhudzana ndi maganizo amenewo inali itadekha. Amene anayenda m'mbali mwa msewu waukulu sanasinthe. Ku Edinburgh ku Scotland nako anaveka anthu 12 tizipangizo kumutu toyeza mafunde a ubongo, n'kuwayendetsa mphindi 25 kuchokera mu msewu wa mashopu, kulowa m'paki, n'kutulukiranso pa msewu wodzaza. Atalowa m'paki zizindikiro za kukhumudwa zinatsika, atatulukira pa magalimoto ubongo unadzukanso.

Mbewe wa ku 36:
Aphiri, sukulu yanu ndikuilemekeza, koma mundilole nditsutseko. Anthu 12, anthu 63, onse a ku Ulaya ndi ku America. Anthu amenewo anayenda atakhuta, atavala nsapato zabwino, akudziwa kuti akamaliza akwera basi kupita kwawo. Ife kuno sitiyenda pofuna kuwongola miyendo. Timayenda chifukwa ndalama ya minibasi palibe, kapena ilipo koma ikapita ku minibasi ndiwo zamadzulo zisowa. Ine ndimadzuka 4 koloko kuyenda kuchoka ku 36 kukafuna ganyu m'tauni. Chimene chimalemera m'mutu mwanga panjira ndi lendi, ufa, fizi ya mwana. Mutandidzalira mitengo kuyambira kwathu mpaka ku Old Town, a landilodi abwerabe pa 30. Ndikuopa kuti tingatenge nkhani ya anthu okhuta n'kuiveka umphawi wathu.

Aphiri a ku 47:
Achimwene a Mbewe, mwanena zoona, ndipo sindikufuna kuzichepetsa. Kafukufuku ndatchulayu ndi wa kunja, wina ndi wa anthu ochepa, ndipo nkhawa ya ndalama ndi katundu wolemera kuposa phokoso la msewu. Pamene ndikusiyana nanu ndi apa: lendi ndi hutala zimatunga mu ndowa imodzi. Munthu amene wadzuka ndowa ili kale theka chifukwa cha ngongole ndi amene msewu umamumaliza msanga. Taonaninso amene ali m'galimoto. Watseka mawindo, wayatsa wailesi, fumbi ndi utsi akusiyira inu. Amene amayenda maola awiri kapena atatu pa tsiku m'mbali mwa M1 si wokhuta ayi. Ndiye kwa ine nkhaniyi ndi yathu kuposa ya anthu a ku Berlin, amene ali ndi njira zawozawo za njinga komanso sitima.

Nasibeko:
Ine ndiwonjezere mbali imene abambo mwina simuiona. Mukuti mitengo ndi udzu zimakhazika mtima pansi. Kwa mzimayi zimatengera malo ndi nthawi. Kwathu kuli njira yachidule yodutsa m'mbali mwa mtsinje, ya mthunzi wabwino, mbalame zili pwirikiti. Koma mu February ndi March chimanga chikatalika, palibe mzimayi amadutsako yekha. Chaka chatha anyamata awiri anatulukira m'chimangamo, wina anandigwira pakhosi, wina n'kutenga foni ndi ndalama ya geni yonse. Kunali kusanade, cha m'ma 5 koloko. Kuyambira pamenepo ndikangoona njira ya zitsamba mtima umathamanga kuposa pa depoti. Ndimalolera kuzungulira pa msewu waukulu, kumeza fumbi, bola pali maso a anthu. Ndiye pamene mukunena za mitengo, munenenso za magetsi a mumsewu ndi kutchetcha.

Aphiri a ku 47:
Pepani kwambiri mayi ndi zimene zinakuchitikirani. Mwakonza pamene ndinasiya. Mlonda uja amaphunzira, ndipo malo amene munavulalirapo sawaiwala msanga. Malo obiriwira amapumitsa ubongo pokhapokha munthu akumva kuti ndi wotetezeka. Ngati mpaka pano zikukulepheretsani kugona kapena zimabwera m'maloto, mundipeze ku inbox tikambirane.

Wakabaza wa ku Chinsapo:
Mabwana ndi amayi, ine sukulu sindinapite nayo patali koma nkhaniyi ndi yanga. Ndili pa kabaza wa njinga yakapalasa zaka 9, siteji yathu ili mu msewu wa Likuni. Anthu amaona ngati ntchito yathu ndi ya miyendo. Miyendo imagwira inde, koma chimatopa kwambiri ndi mutu. Ine ndikamapalasa ndimamvetsera injini ya kumbuyo, ndimadziwa kuti iyi ndi lole, iyi ndi minibasi ikufuna kuima pompano, iyi ndi njinga yamoto ya mnyamata wongophunzira kumene. Uku kasitomala pa kaliyala akusuntha, mwina wanyamula mwana ndi thumba la ufa, mwina akuyankha foni n'kupendekera mbali imodzi. Moyo wake uli m'manja mwanga. Pofika madzulo ndimasokoneza chenje, munthu wandipatsa K2,000 ine n'kuima osadziwa kuti ndibweze zingati. Usiku nthawi zina ndimadzidzimuka kutulo ngati wina waliza hutala pakhutu, akazi anga n'kundigwira kuti muli m'nyumba bambo.

Koma chabwino chiliponso. Chinsapo yense ali m'mutu mwanga. Kuno kulibe mayina a misewu kapena manambala a nyumba. Munthu amangoti mukandisiye kuseri kwa chigayo chachiwiri, mukhote pa mjigo, nyumba ya geti yofiira pafupi ndi mtengo wa mango. Ine ndafika kale m'maganizo asanamalize kunena. Nthawi ya mvula mapu amasintha, ndimadziwa njira imene yadzadza matope, pamene madzi akumba, kamlatho kamene kathyoka. Mlamu wanga amene amayenda pa galimoto ya ku ntchito akabwera kuno amasochera mpaka kundiimbira foni.

Aphiri a ku 47:
Achimwene, zimene mwanenazi akatswiri anaziona ndi maso pa makina. Ku London madalaivala a matakisi akuda aja amayenera kuloweza misewu pafupifupi 25,000 asanapatsidwe chiphaso, ndipo amaphunzira zaka zitatu kapena zinayi, ambiri akuzungulira mzinda pa tinjinga tamoto. Mu 2000 mayi wina wofufuza, Eleanor Maguire wa ku University College London, anajambula ubongo wawo. Anapeza kuti mbali ya kumbuyo ya hippocampus, chigawo chimene chimasunga mapu a malo ndi kuthandiza kukumbukira, inali yaikulu kuposa ya anthu ena, ndipo amene anakhalitsa pa ntchito ndi amene inali yaikulu kwambiri. Chigayo chachiwiri, mjigo, geti yofiira, zonsezo ndi ntchito ya hippocampus.

Kuyenda pakokha nako ndi chakudya cha chigawo chimenechi. Ku America mu 2011 anatsatira achikulire 120. Theka la iwo ankayenda mofulumirirapo katatu pa sabata kwa chaka chathunthu, ndipo hippocampus yawo inakula ndi 2 peresenti, pa msinkhu umene imayenera kumachepa. Ndiye pasapezeke wina pano woganiza kuti kuyenda pansi kapena kupalasa n'koipa. Chimene chikutipweteka ndi malo amene tikuyendamo.

Wakabaza wa ku Chinsapo:
Zikomo bwana. Mawa ndikawauza anzanga pa siteji. Ambiri amadziona ngati anthu otsalira, makamaka pano njinga zamoto zachuluka ndipo makasitomala akutithawa. Amve kuti m'mutu mwawo muli chuma.

Mphunzitsi wa ku Biwi:
Ine nkhawa yanga ili pa ana. Ndimaphunzitsa Sitandade 2, ndipo ana anga ambiri amawoloka msewu waukulu pobwera kusukulu. M'mawa wina ndinaima kutsidya n'kumaonerera kamtsikana ka m'kalasi mwanga, ka zaka 7, katagwira mng'ono wake dzanja. Kanaponda phula, n'kubwerera. Kanapondanso, njinga yamoto n'kutulukira kuseri kwa minibasi, n'kubwereranso. Kanayesa kasanu. Pomaliza kanangotsinzina n'kuthamanga, kakukoka mng'ono wakeyo. Nditakafunsa m'kalasi kuti 6 kuphatikiza 3 ndi zingati, kanangondiyang'ana, chonsecho dzulo lake kanakhoza. Mwana wa msinkhu umenewu sanafike poyeza bwino liwiro la galimoto ndi kutalika kwa pamene ili, ubongo wake ukukulabe. Tikumusenzetsa ntchito imene akulu omwe ikutitopetsa, kenako timukalipira kuti samvetsera m'kalasi. Phunziro loyamba la m'mawa ine ndinasiya kuyamba ndi masamu. Timayamba taimba, kenako kupuma mokoka mpweya kangapo, ndipo ndimaona kusiyana.

Anamwino a ku 18:
Aphunzitsi mwandikhudza. Ndiwonjezere za utsi, chifukwa mantha timawamva koma utsi umalowa mwakachetechete. Mu utsi wa dizilo, wa zinyalala zootcha ndi wa mbaula muli tinthu ting'onoting'ono totchedwa PM2.5, tochepa kwambiri moti m'lifupi mwa tsitsi limodzi mungandandalike pafupifupi 30. Mphuno siitha kutitchinga. Timatsika mpaka pansi pa mapapo, tochepetsetsa timalowa m'magazi, thupi n'kumatupa mkati pang'onopang'ono, ndipo mitsempha ya ku ubongo nayo imakhudzidwa.

Ku Barcelona ku Spain anatsatira ana 2,715 a zaka 7 mpaka 10 m'sukulu 39 kwa chaka. Ana a m'sukulu za mpweya wabwinoko luso lawo losunga zinthu m'mutu pogwira ntchito linakula ndi 11.5 peresenti, pamene a m'sukulu za utsi wambiri wa magalimoto linakula ndi 7.4 peresenti yokha. Zotsatirazi zinatuluka mu 2015. Ku Ontario ku Canada, mu 2017, ataona kaundula wa anthu oposa 6 miliyoni, anapeza kuti okhala pa mtunda wosakwana mamita 50 kuchokera pa msewu waukulu anali ndi chiopsezo chokwera ndi 7 peresenti cha matenda oiwalaiwala a ukalamba poyerekeza ndi okhala kutali. Matenda amenewa kuno alipo, ndipo zimandiwawa kuti agogo ena akayamba kusochera ndi kuyankhula zosagwirizana, anthu amathamangira kuwanena ufiti m'malo mowatengera kuchipatala.

Kwa inu a njinga, a Chisale, wopalasa amapuma mozama ndi mofulumira, ndiye amameza utsi wambiri pa mphindi kuposa woyenda pansi. Ku Belgium mu 2011 anayeza BDNF, chinthu chimene thupi limatulutsa munthu akamachita masewero olimbitsa thupi ndipo chimadyetsa maselo a ubongo. Anthu atapalasa m'chipinda cha mpweya wosefedwa, chinakwera m'magazi. Anthu omwewo atapalasa m'mbali mwa msewu wodzaza magalimoto, sichinakwere. Komabe musasiye njinga. Ofufuza a ku Cambridge ku England anawerengetsa mu 2016 n'kupeza kuti m'mizinda yambiri phindu la kuyenda ndi kupalasa limaposabe kuipa kwa utsi. Chothandiza ndi kutalikirana ndi magalimoto pamene mungathe, ngakhale kudzera kamsewu ka kuseri kamodzi kokha, ndi kusaima kumbuyo kwenikweni kwa thiraki pa maloboti.

Dalaivala wa ku 23:
Ndawerenga zonse ndipo ndaona kuti minibasi yatchulidwa kambirimbiri. Ine ndimayendetsa minibasi. Sindikana, ena mwa ife timalakwitsa, ndipo hutala timailiza mopitirira. Koma mlonda amene Aphiri akunenayo nafenso tili naye. Ndimadzuka ndili kale ndi ngongole ya tageti ya bwana, mafuta akasowa ndimagona pa mzere, ndipo pa msewu ndimayang'ana zinthu khumi nthawi imodzi. Munthu akuwoloka maso ali pa foni. Njinga ya makala usiku ilibe nyali kapena chonyezimira, matumba atatu atatambalala, umaiona utaifika kale. Zaka zitatu zapitazo ndinatsala pang'ono kugunda mwana amene anatulukira kutsogolo kwa lole yoima. Ndinaponda buleki mpaka anthu anagundana mkati. Mwanayo sanakhudzidwe, koma ine ndinalephera kuyendetsa tsiku lonse, miyendo inali zii. Tonse atipanikiza pa kamsewu kamodzi, woyenda pansi, wa njinga, wa wilibala ndi ife. Mutatipatsa poima pabwino, inu n'kukhala ndi njira yanuyanu, hutala zambiri zitha zokha.

Chisale wa ku 25:
Adalaivala, mwayankhula ngati munthu. Za nyali mwanena zoona, ine ndinagula kanyali kofiira ka kumbuyo ndi chovala chonyezimira nditaona mnzanga atagundidwa m'bandakucha, ndipo ndikupempha onse a njinga pagulu pano achite chimodzimodzi. Pempho langa kwa inu ndi limodzi. Mukamatidutsa tisiyireniko mpata wokwana mkono wotambasula, ndipo hutala muziliza muli patali. Mukaliza muli pamsana penipeni munthu amadzidzimuka, njinga n'kukhotera kwa inu komweko.

Agogo a ku Area 18:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, mdzukulu ndi amene akundilembera. Ine ndinabwera kuno kuchoka ku Zomba boma litasamutsira likulu ku Lilongwe mu 1975. Mzinda uno anaukonza motalikitsa zinthu dala. Old Town uku, City Centre ndi Capital Hill uko, mafakitale ku Kanengo, malo okhala anthu apa ndi apo, pakati pake nkhalango ndi madambo. Pa pepala zinali zokongola, koma anaganizira munthu wa galimoto, pamene ambiri mwa ife tinalibe. Komabe kuyenda kunali kokoma chifukwa magalimoto anali owerengeka ndipo mthunzi unali ponseponse. Ndinkayenda pansi kupita ku Capital Hill, mu October jakaranda atayala maluwa ake pansi, ndinkafika ku ofesi nditakonza kale m'mutu kalata zonse za tsikulo.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda uno, ndipo pano tapitirira pamenepo. Misewu ayikuza, ndipo ndi yooneka bwino, sindikana. Koma pamene ankadula mitengo ya mu Kenyatta Drive kuti akuze msewu ndinalira ngati ndataya anzanga. Mtengo umagwa pa ola limodzi, koma kuti wina ufike popereka mthunzi wotero, mwana wobadwa lero akhala atamaliza sekondale. Ndipo msewu wotambalala kwa ine wa ndodo ndi mtsinje wodzadza. Ndimaima m'mbali kudikira wachifundo woti andiwolotse. Masiku ano mdzukulu amanditengera ku Botanic Garden Loweruka m'mawa, timayenda pang'onopang'ono, ndipo tsiku limenelo ndi limene ndimakumbukira bwino mayina a zidzukulu zonse.

Mbewe wa ku 36:
Agogo, mawu anu ndawamva. Ine za lendi sindisintha, koma za mthunzi ndavomera. Mu October pobwerera masana pali mtengo umodzi wa m'bawa panjira yanga umene tonse timapumirapo, ogulitsa nzimbe, amayi a nkhuni, ife a ganyu. Ndikakhala pamenepo mphindi zochepa ndi pamene ndimatha kuganiza bwino za mawa. Atati audule ndingakhale woyamba kukaima patsogolo pake.

Nabanda wa ku Mchesi:
Ndabweranso, papita masiku atatu. Ndinayesa zimene munanena. M'malo monyamuka 6:30 ndikunyamuka 5:45, depoti isanawire. Chifukwa cha zimene ananena a Nasibeko sindikuyenda ndekha, tikutengana ndi mayi wina woyandikana naye nyumba amene amagulitsa mandasi m'tauni. Tikudzera timisewu ta kuseri mpaka pafupi ndi mlatho. Pa mlatho pokha palibe kuchitira mwina, pamenepo mtima umathamangabe. Ndikawoloka ndikumakhotera mu msewu wina wa ku Area 3 wa mitengo mbali zonse, ngakhale ukuwonjezera mphindi 7. Lero ndinamva njiwa zikulira, zimene m'zaka zonsezi sindinazimvepo m'tauni muno. Ulusi unalowa kamodzi. Pobwerera madzulo ndiye zikadali zovuta, chifukwa nthawi yoweruka ndi imodzi kwa tonse ndipo kukada sindingadzere kuseri. Mwina wina ali ndi nzeru ya madzulo.

Chisale wa ku 25:
Ya madzulo nanenso ikundivuta achemwali. Ine ndikumachedwa dala mphindi 20 pa geti kuti chigulu chidutse kaye, koma mu June kumada msanga ndiye sizitheka.

Mphunzitsi wa ku Biwi:
Ine ndayankhula ndi makolo anayi a m'kalasi mwanga. Tagwirizana kuti kuyambira Lolemba tizisinthana kuima pamene ana amawolokera, kuyambira 6:40 mpaka 7:15, awiri tsiku lililonse, wina tsidya lino wina tsidya linalo. Tikusowa anthu a Lachinayi ndi Lachisanu. A Chisale, chovala chonyezimira chija munagula kuti, ndipo ndi ndalama zingati? Tikufuna ziwiri.